Mowa ndi Nkhawa: Kaloba wa mu Ubongo

A Wapampando, makolo anga pa nchito ndi aphunzitsi anzanga, ine ndine mwana pakati panu, koma ndiloleni ndiyankhe mau amene timamva kawirikawiri muno m'Ng'ombe, akuti munthu amamwa kuti aiwale mabvuto.

Ubongo uli ndi timaselo pafupifupi mabiliyoni 86, timene timatumizirana mauthenga mwa timadzi tapadera. Tina, tochedwa glutamate, timafulumizitsa uthenga. Tina, tochedwa GABA, timaucedwetsa. Mowa umalimbitsa GABA ndi kufoketsa glutamate, ndipo ndico cifukwa cace womwa amamva mtima uli pansi, lilime nililemera, miyendo nidzandira.

Nkhawa nayo iri ndi amithenga ace. Munthu akabvutika mtima, ubongo umaturutsa CRF, imene Wylie Vale ndi anzace anaizindikira m'caka ca 1981. Iyo imapereka lamulo limene limakafika ku tiziwalo ta pamwamba pa impso, ndipo timeneti timathira cortisol m'mwazi.

Tsono ubongo wozolowera mowa umadzikonza kuti ulimbane nao: sumveranso GABA monga kale, ndipo umachera khutu kwambiri kwa glutamate. Mowa ukatha m'thupi, mauthenga amathamanga opanda cowaletsa, CRF nicuruka m'mbali yosunga mantha, yochedwa amygdala. Munthu amadzuka akunjenjemera, nkhawa itaposa ya dzulo, nabwerera ku kacasu. Ameneyu ndiye kaloba: wakongola mtendere wa usiku umodzi, ndipo adzabweza ndi ciongoladzanja. Boma linaletsa tujilijili m'caka ca 2012, koma kaloba ameneyu sanathe.

Nanga ife zitikhudza bwanji? Poyamba, mbali ya kutsogolo kwa ubongo, yothandiza munthu kudziletsa, imakhwima pa zaka ngati 25. Kotero mwana wa Giredi 7 wolawa mowa akupinda mtengo ukali wanthete. Kaciwiri, mwana wogona ndi mantha cifukwa ca ndeu za woledzera amakhala ndi nkhawa yosatha, imene imafoketsa cikumbumtima ca zophunzira. Akaiwala samu, tisafulumire kumucha waulesi. Tiyambe tamufunsa m'mene wagonera. Kacitatu, mnzathu wonjenjemera m'mawa tisamuseke, koma timuperekeze ku cipatala, ngakhale ku Chainama, pakuti cidakwa cikaleka mowa mwadzidzidzi cikhoza kukomoka, kapena kufa kumene.

Makolo athu anati m'mera mpoyamba. Ana tiri nao m'manja lero.