Nkhunzi ya Nyama pa Ng'ombe za Mkaka: Mawu kwa Alangizi a Ziweto

Pa Park Station mumzinda wa Johannesburg ndi pomwe Amalawi ambiri ogwira ntchito ku South Africa amakwerera basi yobwerera kwawo, kudzera ku Beitbridge, Tete ndi Mwanza. Ena mwa iwo adagwirapo ntchito m'mafamu, ndipo amabwera ndi cholinga chodzagula nkhunzi yaikulu yonga zomwe adaziona kumeneko, kuti izikwera ng'ombe za mkaka za pakhomo. Munthu wotereyu akafika ku Thyolo kapena ku Chiradzulu, woyamba kufunsidwa nzeru amakhala mlangizi.

Mtundu wofala m'mafamu amenewo ndi Bonsmara, ng'ombe yofiira imene Pulofesa Jan Bonsma adayamba kuipanga pa malo a kafukufuku a Mara mu 1937. Magawo 5 mwa 8 a magazi ake ndi a Afrikaner, otsalawo ndi a Hereford ndi Shorthorn. Imapirira kutentha ndi nkhupakupa, ndipo mlimi sanalakwe kuisirira.

Komabe mlangizi asayambe ndi kukula kwa nkhunzi. Ayambe ndi kufunsa kuti thole lidzabadwa bwanji. Nkhunzi za Charolais ndi Simmental zimabereketsa mathole akuluakulu, ndipo ng'ombe ya thupi laling'ono monga Jersey, kapena yosakaniza Friesian ndi ng'ombe ya makolo, ikhoza kulephera kubereka. Brahman nayo imanyenga. Ikakwera Friesian, bere limapitirira masiku 283 amene alimi adazolowera, ndipo thole, makamaka lalimuna, limabadwa lolemera kwambiri. Ng'ombe ikavutika pobereka usiku, dokotala ali kutali, mlimi amataya thole, mkaka wa chaka chonse, mwinanso mayi wake yemwe. Angus imabereketsa mathole ang'onoang'ono opanda nyanga, ngakhale siipirira dzuwa ngati Bonsmara. Msoti woyamba kutenga bere usapatsidwe nkhunzi ya mtundu waukulu.

Nkhani ina ndi ya ng'ombe zoyenera kukweredwa. Thole lalikazi lobadwa kwa nkhunzi ya nyama silidzatulutsa mkaka wofanana ndi wa mayi wake. Choncho ng'ombe zotulutsa mkaka wambiri zipatsidwe mbewu ya mkaka, kuti khola likhale ndi misoti yolowa m'malo. Ya nyama ipite kwa zotsalira. Mlimi wa ng'ombe imodzi kapena ziwiri, ndipo otere ndi ambiri m'magulu osonkhanitsa mkaka, alibe ng'ombe yotsalira.

Za kuitanitsa nkhunzi kunja, mlimi auzidwe mosabisa kuti chiweto sichidutsa malire popanda chilolezo cha boma, ndiponso kuti mu 2019 ku South Africa kudabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi amene adasokoneza malonda a ziweto. Umuna wobayira kudzera mwa alangizi ndi wotsika mtengo kuposa kudyetsa nkhunzi chaka chonse, ndipo sufalitsa matenda ochotsa mabere monga imachitira nkhunzi yoyenda makola ambiri.