GOLF YATSOPANO NDI MLANDU WA MABATANI

(Nkhani imene inakambidwa pa wailesi m'Cinyanja)

Munthu wogula galimoto ya banja apereka ndalama zimene wakhala alikusunga zaka zambiri, ndipo akalakwa posankha, banja lonse lisauka naye pamodzi. Cifukwa cace nkhani ya madzulo ano ndi ya galimoto imodzi yotchuka, Volkswagen Golf ya mtundu wacisanu ndi citatu, ndi zimene anthu ananena itatuluka. Anaiweruza pa zinthu zitatu: maonekedwe ace, kayendedwe kace pa mseu, ndi mamangidwe ace. Pa ziwiri zoyambazo panalibe mlandu waukulu. Pa cacitatu eni ace anacita manyazi, ndipo mpamene pali phunziro kwa ogula.

Golf nciani?

Golf ndi galimoto ya mtundu umene Angelezi autcha hatchback. Ndiko kuti kumbuyo kwace kulibe buti yotalika ngati mcira, koma kuli citseko cacikulu cotsekukira m'mwamba pamodzi ndi galasi lace. Mipando ya kumbuyo ipindika, kotero kuti galimoto imene inapereka ana ku sukulu m'mawa ikhoza kunyamula matumba a ufa madzulo.

Golf yoyamba inatuluka m'fakitale ya ku Wolfsburg, m'dziko la Germany, m'caka ca 1974, ndipo amene anajambula maonekedwe ace ndi Giorgetto Giugiaro wa ku Italy. Inalowa m'malo mwa Beetle, ija ya msana wozungulira ndi injini ya kumbuyo yozizira ndi mphepo. Mu Golf injini inabwera kutsogolo, yozizira ndi madzi, ndipo mawilo a kutsogolo ndiwo akoka galimoto. Pofika caka ca 2024 anali atapanga magalimoto a dzina limeneli oposa 37 miliyoni. Kuno kumwera kwa Africa anthu aidziwa bwino, pakuti fakitale ya ku Uitenhage, ku South Africa, inapitiriza kupanga mtundu woyamba uja m'dzina la Citi Golf kuyambira 1984 kufikira 2009.

Cimene cinakweza mbiri ya Golf si liwiro ai, koma mamangidwe. Mtundu wacinai, wa 1997, unadabwitsa anthu ndi thupi lace lokutidwa ndi zinki yoletsa dzimbiri, ndi m'kati mwace mofewa pokhudza ngati m'galimoto ya anthu olemera. Mtundu wacisanu ndi ciwiri, wa 2012, unasankhidwa kukhala galimoto yopambana ya caka ca 2013 ku Ulaya. Tsono pamene wacisanu ndi citatu unaonetsedwa ku Wolfsburg m'mwezi wa October 2019, anthu anali kuyembekezera zazikulu.

Maonekedwe ace

Pa maonekedwe anthu anagawanika, koma osati kwambiri. Utali wace unali pafupifupi mamita 4.28, wosasiyana kweni-kweni ndi wa mkulu wace. Nsanamira yaikulu ya kumbuyo, imene ili pakati pa citseko ndi galasi, anaisunga monga inaliri kuyambira 1974. Ndiyo imene munthu azindikira nayo Golf ali patali. Cosintha cinali nkhope. Mphuno inatsika, nyale zinakhala zopyapyala ndi zosongoka. Ena anati nkhopeyo ndi yaukali ndi yamakono. Ena anati ioneka ngati ya munthu wokwinya tsinya. Opanga anali ndi cifukwa cao: mphuno yotsika ing'amba mphepo mosabvuta, ndipo galimoto yong'amba bwino mphepo imwa mafuta pang'ono pa ulendo wautali.

Mkangano umenewu sunakhalitse. Maso azolowera msanga, ndipo mwini galimoto saona nkhope yace pamene ali kuiyendetsa.

Kayendedwe kace

Apa olemba nkhani za magalimoto a ku Britain ndi ku Germany anagwirizana ndithu kuti Golf iyenda bwino. Ici sicodabwitsa, pakuti maziko ace a pansi ndi omwe aja a mtundu wa 2012, ongokonzedwa pang'ono. Ciongolero ncopepuka m'tauni, ndipo cimvera dzanja msanga. Pokhota, galimoto siyendama kwambiri. Pa mseu waukulu phokoso la mphepo ndi la injini ndi locepa, kotero kuti a kutsogolo ndi a kumbuyo aceza osakweza mau.

Injini imene ambiri anasankha ndi ya petulo ya malita 1.5, ya masilinda anai. Ili ndi nzeru yace: pamene galimoto iyenda mofatsa pa malo osalala, masilinda awiri aleka kutentha mafuta, ndipo woyendetsa akaponda moto ayambanso nchito iye osamva kanthu.

Pali cinthu cimodzi cimene wogulitsa sakonda kuchula. Magalimoto amenewa safanana pansi. A injini zazing'ono ali ndi mtanda umodzi wacitsulo wolumikiza mawilo awiri a kumbuyo, kotero kuti wilo limodzi likagwa m'dzenje linzace limva. A injini za mphamvu ya akavalo 150 kupita m'mwamba ali ndi mikono yambiri, wilo liri lonse liyenda palokha. Pa mseu wosalala kusiyana kwace nkocepa. Pa mseu wa maenje okhala kumbuyo ndiwo adziwa.

Mamangidwe ace

Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Anthu amene anazolowera Golf yakale, atalowa m'yatsopano anayamba kuona tinthu tosowa. Kale boneti inali kudzuka yokha ndi mpope wa mpweya. Tsopano munthu anayenera kuicirikiza ndi kandodo kacitsulo. Kabokosi ka pafupi ndi bondo la woyendetsa kanacoka. Cibvundikiro ca poika makapu cinacoka. M'malo ena pulasitiki yolimba inaoneka poyera. Kali konse ka timeneti ndi kacabe pakokha, koma anthu anali kulipira mtengo woposa wa magalimoto ena cifukwa ca tinthu totere. Ambiri anaganiza kuti kampani inali kusunga ndalama, pakuti mlandu wa 2015 wa kunyenga pa mayeso a utsi wa dizilo unaidyera mayuro oposa 30 biliyoni, ndiponso inali kuika cuma cambiri pa magalimoto oyendera magetsi.

Koma mlandu waukulu unali wa mabatani. Opanga anacotsa pafupifupi zonse zotembenuza ndi zodina, naika nchito zace pa galasi lokhudza ndi cala longa la foni ya m'manja. Wofuna kuonjeza kutentha kapena kukweza mau a wailesi anayenera kukhwekhwereza cala pa kamzere kosalala kunsi kwa galasilo, ndipo kamzereko kanalibe nyale, kotero kuti usiku sikanali kuoneka. Pa mitundu yodula, monga GTI, ngakhale mabatani a pa ciongolero anali okhudza cabe, ndipo oyendetsa anadandaula kuti dzanja liwakhudza mwangozi pokhota.

Ena anganene kuti zimenezi ndi madandaulo a anthu okhuta. Si tero ai. Batani leni-leni dzanja lilipeza lokha maso ali pa mseu, monga mai apeza mthiko wace mumdima. Galasi losalala lifuna maso. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ora iyenda pafupifupi mamita 28 pa sekondi imodzi. Woyendetsa akayang'ana pansi masekondi awiri, wayenda mamita oposa 55 osaona kutsogolo, ndiwo mtunda woposa theka la bwalo la mpira. Pa mtunda wotero pakhoza kukhala mwana, njinga kapena ng'ombe.

Panalinso bvuto la kompyuta ya m'kati. Eni magalimoto oyamba anadandaula kuti galasi licedwa kudzuka ndipo nthawi zina liuma osamvera cala. M'mwezi wa May 2020 kampani inaimitsa kwa kanthawi kupereka magalimoto atsopano kwa ogula, cifukwa cipangizo coitana thandizo pa ngozi, cimene lamulo la ku Ulaya lifuna, sicinali kugwira nchito modalirika.

Eni ace abvomera

Golf ndiyo inali kugulidwa koposa magalimoto onse ku Ulaya caka ndi caka kuyambira 2008 kufikira 2021. M'caka ca 2022 Peugeot 208 inalanda mpando umenewo. Zifukwa zinalipo zingapo: mafakitale anasowa tizipangizo ta makompyuta, ndipo mabanja ambiri anayamba kukonda magalimoto atali miyendo. Komabe madandaulo a ogula anamveka ku Wolfsburg.

M'caka comweco Thomas Schäfer, amene kale anali mkulu wa Volkswagen ku South Africa, anakhala woyang'anira magalimoto onse a dzina la Volkswagen. Iye analonjeza kubweza mabatani eni-eni pa ciongolero, ndipo m'caka ca 2023 anabvomera poyera kuti njira ya zokhudza ija inaononga mbiri ya kampani. M'mwezi wa January 2024, caka cimene Golf inakwanitsa zaka 50, anaonetsa mtundu wokonzedwa. Mabatani a pa ciongolero anabwerera, kamzere kaja kanalandira nyale, galasi linakula, ndipo kompyuta inakhala yatsopano ndi yacangu. Oyesa magalimoto anati zinthu zakhala bwino, ngakhale ena anapitiriza kufunsa cifukwa cace kutentha sikunapatsidwe cotembenuza cace monga kale.

Nkhaniyi sinathere pa Golf yokha. Bungwe la Euro NCAP, limene liombanitsa magalimoto atsopano ndi kuwapatsa nyenyezi za citetezo, linalengeza m'caka ca 2024 kuti kuyambira 2026 lidzayang'ananso ngati zinthu zofunika, monga hutala, zopukuta mvula pa galasi, nyale zokhotera ndi nyale za ngozi, zili ndi mabatani kapena timitengo togwirika ndi dzanja.

Kwa ogula a kuno

Magalimoto ambiri a m'Zambia afika atayenda kale zaka m'maiko ena, nalowa pa Nakonde kucokera ku Dar es Salaam kapena pa Chirundu kucokera ku Durban. Galimoto imene inali yatsopano ku Ulaya m'caka ca 2020 ndiyo ifika m'manja mwa banja la ku Lusaka kapena ku Chipata itakalamba. Cotero mamangidwe ndi nkhani yaikulu kwa wogula wa kuno kuposa kwa mwini wace woyamba, pakuti uja anali ndi pangano la kampani lomkonzera zoonongeka kwaulere, ndipo uyu alibe.

Wofuna Golf yotere ayambe wadziwa caka cace, ngati ndi ya 2024 kupita m'tsogolo kapena ya zaka zoyamba zija. Ayang'ane pansi, aone ngati kumbuyo kuli mtanda umodzi kapena mikono yambiri. Asakopeke ndi mawilo akulu a mainci 18 a matayala opyapyala. Akongola pa cithunzi, koma dzenje limodzi likhoza kuphulitsa tayala ndi kupinda limu, pamene a mainci 16 ali ndi mphira wokwanira kulandira nkhonya za mseu. Akumbukire kuti Golf ndi yofupika miyendo, si ya njira za kumunda nyengo ya dzinja. Afunse ngati m'tauni mwace muli makanika wokhala ndi makina owerenga kompyuta ya galimotoyo, ndi wodziwa magiya osintha okha ochedwa DSG, pakuti pamene nchito zambiri zili pa galasi limodzi, galasilo likafa zambiri zifa nalo.

Ndipo poiyesa asafulumire. Kuona maso a nkhono nkudekha. Aiyendetse usana, aiyendetsenso kutada. Ayese kusintha kutentha ndi kucepetsa mau a wailesi maso ali pa mseu. Atseke ndi kutsekula citseko ciri conse, apinde mipando, akhazike a m'banja lace kumbuyo napite nao pa mseu woipa. Nkhope ya galimoto munthu aiweruza tsiku loyamba, ndi kayendedwe kace pa ora limodzi. Koma tinthu timene dzanja ligwira m'mawa ndi madzulo ndito adzakhala nato zaka zonse, ndipo pa timeneto mpamene ngakhale kampani yaikulu ya ku Wolfsburg inabwezedwa ndi ogula ace.