ZITHUNZI ZA MASIKU WAMBA

Caka ciri conse, kumapeto kwa mwezi wa August, anthu ojambula zithunzi amakhamukira ku Mkaika, m'boma la Katete, kumene Acewa a m'Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana pa mwambo wa Kulamba kudzapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Amajambula nyau zirikubvina, anamwali, ndi mafumu atabvala zaufumu, ndipo mwambo ukatha amanyamula makamera ao nabwerera kwao. Akulu anati mlendo ndi mame. M'mawa mwace mai wa ku Sinda amalawirira ku cigayo atasenza cimanga, mlimi wa ku Vubwi amamanga ng'ombe pa ngolo kukagulitsa thonje, wodwala amakwezedwa pa njinga kunka ku cipatala ca St Francis. Koma wojambula palibe. Komatu moyo wa anthu uli m'masiku otere.

Bvuto limeneli siliri ku Katete kokha ai. M'caka ca 2012 anthu awiri a ku America, Peter DiCampo ndi Austin Merrill, anali ku Ivory Coast kukatola nkhani za zimene nkhondo inasiya. Iwo anaona kuti zithunzi za Africa zimene maiko akunja amafuna ndi za nkhondo, njala ndi matenda, pamene anthu amene anali kuwaona tsiku ndi tsiku anali kunka ku nchito, kugula, kugulitsa ndi kuseka. Tsono anayamba kujambula zinthu wambazo ndi mafoni ao, naicha nchitoyo Everyday Africa, ndipo pambuyo pace ojambula ambiri a mu Africa muno analowamo.

Ku Lusaka nako, Sana Ginwalla anayamba nchito yotere yochedwa Everyday Lusaka. Iye anapezanso mulu wa zithunzi zakale m'nyumba yojambulira ya Fine Art Studios, zimene eni ace sanabwere kudzatenga. Nkhope zirikuoneka bwino, ndi zobvala za nthawiyo zomwe, koma ambiri a anthuwo sadziwika maina, ndipo kuti adziwike mpofunika kuti mbale wao aone cithunzico ndi kumzindikira.

Pamenepa pali phunziro kwa anthu a kum'mawa amene ali pa nchito ku Kitwe, ku Mufulira, ku Chingola ndi m'matauni ena. Kale munthu wa ku migodi anali kubvala suti, kukajambulitsa, ndi kutumiza cithunzico kumudzi, kotero kuti a kumudzi anadziwa maonekedwe a tauni. Koma za mudziwo zinajambulidwa pang'ono. Lero kamera iri m'thumba la munthu ali yense wokhala ndi foni. Wopita kwao pa chuti angathe kujambula agogo ace alikusenda nsawa, nkhokwe irikumangidwa, kapena ana pa mjigo.

Koma ayenera kusunga zinthu zitatu. Coyamba, apemphe: pakhomo pa mwini salowa popanda odi, ndipo pali zinsinsi za dambwe ndi za cinamwali zosayenera kujambulidwa. Caciwiri, acapitse cithunzico pa pepala, pakuti foni imatayika ndi zonse ziri m'katimo. Cacitatu, alembe kumbuyo kwace dzina la munthuyo, mfunda wace, mudzi ndi caka. Akatero, mdzukulu wobadwira ku Wusakile, amene sanaponde ku Katete, adzadziwa nkhope ya agogo ace ndi dzina la mudzi wao.