Makina Osokera Zikopa: Kudziwa Nambala Yake, Kuwayala ndi Kuwapezera Zitsulo

M'misika yambiri ya m'matauni ndi m'maboma mumapezeka amisiri osoka nsapato, zikwama ndi malamba. Ambiri mwa iwo amagwira ntchito ndi chisongole ndi ulusi basi, ndipo amalakalaka atapeza makina. Mwayi ukagwa, makina amene mmisiri amagula kawirikawiri amakhala akale, odutsa m'manja ambiri, opanda buku lake. Ndalama zimene wasunga kwa zaka zimathera pamenepo. Makinawo akakana kusoka, banja lonse limagona ndi njala. Nkhani ya lero ikufotokoza zimene mmisiri wotere ayenera kudziwa.

Choyamba ndi dzina ndi nambala ya makinawo. Makina otchuka pakati pa osoka nsapato ndi a Singer 29K. Ali ndi mkono wautali wowonda umene umalowa mpaka kunsonga ya nsapato, ndipo phazi lake limatembenukira mbali ina iliyonse, kotero kuti mmisiri amasoka chigamba popanda kuzungulitsa nsapatoyo. Chilembo cha K chimasonyeza kuti anapangidwa ku fakitale ya Kilbowie, mumzinda wa Clydebank ku Scotland. Fakitaleyo inatsekedwa mu 1980. Makina ofanana nawo ndi a Adler 30, ochokera ku Bielefeld m'dziko la Germany. Palinso Singer 45K, makina aakulu osokera zishalo ndi malamba okhuthala.

Kusiyana kumeneku n'kofunika. Makina a 29K anapangidwira zigamba ndi zikopa zosapitirira mamilimita 6 kukhuthala kwake. Wowakakamiza kuboola soli kapena tayala amathyola singano ndi kudya mano a m'kati mwa mkono. Ntchito yolemera ifuna makina olemera.

Nambala imalembedwa pa kachitsulo kokhomedwa pathupi la makina. Sikokwanira kunena kuti 29K, pakuti mtunduwu uli ndi ana ambiri. A 29K71 ali ndi mkono waufupi ndi bobini yaing'ono. A 29K72 ali ndi mkono wautali ndi bobini yaikulu. A 29K73 ali ndi mkono wautali koma bobini yaing'ono. Wogula bobini asanaone nambala angathe kubwera nayo kunyumba n'kupeza kuti sikulowa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Chachiwiri ndi kuwayala. Makinawo amangidwe ndi mabawuti pa miyendo yake yachitsulo kapena pa tebulo lolimba, pamalo osapendekeka, pakuti makina ogwedera amalumpha misoko. Ngati anakhala nthawi yaitali osagwira ntchito, ayambe atsukidwa ndi palafini kuti litsiro ndi mafuta ouma zichoke. Pambuyo pake timabowo tonse tidonthezedwe mafuta a makina osokera. Mafuta ophikira ndi mdani: amauma ngati ulimbo n'kumanga zitsulo. Lamba wochokera ku chopondera asathine kwambiri, asakhalenso wolendewera. Lambayo ndi wachikopa, ndipo mmisiri waluso amadzidulira yekha n'kumulumikiza ndi kawaya.

Chachitatu ndi singano ndi ulusi. Singano ya makina a telala silowa bwino mu 29K. Makinawa amafuna singano za mtundu wa 29x3 posoka nsalu ndi 29x4 posoka chikopa. Yachikopayo ili ndi nsonga yonga kampeni, imene imacheka m'malo mongoboola. Makina a 45K amafuna zina zazikulu, za mtundu wa 214. Singano ikankhidwe mpaka kumapeto kwa malo ake isanamangidwe, ndipo pa 29K ngalande yake yaitali iyang'ane kumanzere. Ulusi uyenerane ndi diso la singano. Ukakula umanyotsoka ndi kuduka.

Zonse zikatha, mmisiri ayese pa kachidutswa kotaya. Chikopa sichili ngati nsalu: bowo la singano likalowa silitsekekanso, ndipo nsapato ya mwini ikaonongeka pamakhala mlandu. Msoko wabwino ndi umene mfundo yake yabisala pakati pa chikopa. Ulusi ukamapanga malupu kunsi, ndiye kuti wapamwamba walekerera, ndipo umangitsidwe pang'onopang'ono. Mfundo zikamaonekera pamwamba, wapamwambawo wathina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsopano za zitsulo zimene zimatha. Pa 29K palibe mano okoka chikopa kunsi. Phazi lenilenilo ndilo limakoka kuchokera pamwamba. Makina ali bwino amasoka misoko 5 pa inchi imodzi akawatsegulira mpaka pamapeto. Akayamba kupereka 8 kapena kuposa, kachitsulo koyendetsa phazi kadyeka, ndipo misoko yothinana chotero imang'amba chikopa ngati pepala. Chinanso chimene chimatha ndi shuttle, kachitsulo konyamula bobini. Nsonga yake iyenera kudutsa pamwamba pang'ono pa diso la singano pamene singanoyo yangoyamba kukwera. Nsongayo ikabuntha, kapena mano oiyendetsa akadyeka, imafika mochedwa ndipo misoko imalumpha. Wogula makina akale agwedeze choikamo shuttle ndi chala. Chikamasewera kwambiri, adziwe kuti ndalama zina zikumudikira.

Nanga zitsulozi zimapezeka kuti, popeza fakitale inatsekedwa kalekale? Njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi masitolo ogulitsa zipangizo za makina osokera. Mafakitale a ku China amapanga makina otsanzira 29K, ndipo zitsulo zawo zambiri zimalowa mu 29K71, 72 ndi 73, ngakhale kuti zina zimafuna kupala pang'ono. Mitundu yakale kwambiri, monga 29-4, ndiyo yovuta, chifukwa zitsulo zatsopano kawirikawiri sizilowamo. Yachiwiri ndi makina akufa a amisiri anzake. Makina osweka thupi asatayidwe, pakuti ndiwo nkhokwe ya masikuluu; kampani ya Singer inkadula masikuluu ake mwa muyeso wakewake, ndipo a m'sitolo wamba akakakamizidwa amaononga bowo. Yachitatu ndi intaneti, kumene mabuku akale osonyeza chitsulo chilichonse ndi nambala yake amapezeka. Wotuma mbale wake ku Johannesburg kapena kwina amutumizire nambala ya makina, nambala ya chitsulo ndi chithunzi chake. Wopita yekha kusitolo atenge chitsulo chakuthacho m'thumba kuti akafanizire.

Makina amenewa anapangidwa kuti azikonzedwa, ndipo ena apyola zaka 100 akusokabe. Mmisiri amene walemba nambala ya makina ake m'kabuku, amene amawathira mafuta ndi kuwafunda madzulo, ndiponso sawasenzetsa katundu woposa mphamvu yawo, adzawasiyira ana ake akugwirabe ntchito.