Mmisiri Wosula Zitsulo m'Dziko la Eni

Pamene njanji yochokera ku Paris kukafika ku Rouen inali kumangidwa, dziko la France linalibe amisiri okwanira odziŵa zitsulo za sitima. Motero Thomas Brassey ndi William Mackenzie, amene anapatsidwa ntchitoyo, anaolotsa nyanja antchito zikwizikwi ochokera ku Britain. Njanjiyo inatsegulidwa m'chaka cha 1843, ndipo William Buddicom anakhazikitsa malo opangira injini za sitima ku Sotteville, pafupi ndi Rouen.

Mmisiri wa ku England wolembedwa ntchito kumeneko kaŵirikaŵiri anali kuitanitsa mkazi ndi ana. Iye tsiku lonse anali pa ng'anjo, nyundo ili m'manja, ndipo malipiro ake anali oposa a mnzake wachifalansa. Koma mkazi ndiye anali kuona zoŵaŵa: pamsika anali kugula ndiwo pongoloza ndi chala, chinenero osachimva, mapemphero a eni dziko ali achilendo. Anawo, monga achitira ana kulikonse, anatola Chifalansa pabwalo, nasanduka omasulira a makolo awo.

Malipiro aja ndiwo anadzetsa nsanje. Mu February 1848, mfumu Louis-Philippe itagwetsedwa, ntchito zinasoŵa, milatho ina ya njanji inatenthedwa, ndipo alendo analozedwa chala. Mabanja ambiri a Angerezi anamanga katundu mofulumira nabwerera kwawo. Buddicom sanachoke, injini zake zinapitirizabe kukoka sitima m'dziko la France.