Mwana akapeka nyimbo, ife tilembe, tisakonze

Awa ndi mawu amene aphunzitsi athu a kwaya anayankhula pa msonkhano wa kilabu Loweruka lapitali. Tawalemba monga anayankhulira kuti amene simunabwere muwerenge. Chonde aonetseninso makolo.

Ana amene mwakhala pamphasa kutsogoloku musatope, nkhani ya lero ndi yanu.

Ndapemphedwa kuti ndiyankhulepo za konsati yathu ya kumapeto kwa chaka. Pempho langa ndi limodzi basi. Pa nyimbo zimene tidzaimbe tsiku limenelo, zina zikhale zopeka ana a m'kilabu muno, ndipo ife akuluakulu tisazikonze. Ndikuona ena mwayamba kale kupukusa mitu. Dikirani kaye, ndikuuzeni kumene ganizoli lachokera.

Ku America kuli gulu la oimba lotchedwa New York Philharmonic, limene linayamba mu 1842. Ndi okestra, kutanthauza gulu la anthu pafupifupi 100 oimbira limodzi zida zosiyanasiyana: za nsambo monga vayolini, zitoliro, malipenga ndi ng'oma. Vayolini musamudabwe, amaimbidwa ndi kauta ngati kaligo wathu yemweyu. M'gululi munali bambo wina dzina lake Jon Deak, amene ankaimba double bass, chida cha nsambo chachitali ngati munthu, cha mawu a besi. Amene munaonapo babatoni mwayandikira. Bamboyu analinso wopeka nyimbo, ndipo mu 1995 anayambitsa pulogalamu yotchedwa Very Young Composers, kunena kuti opeka nyimbo aang'ono kwambiri. Anayambira m'sukulu za mumzinda wa Denver, kenako pulogalamuyi inakhazikika ku New York, ndipo inafika mpaka ku Finland, Japan, China ndi Venezuela.

Tsono mvetserani mmene amachitira, chifukwa nkhani yagona pamenepa. Amatenga ana a ku pulayimale, ambiri mwa iwo osadziwa n'komwe kuwerenga manotsi. Woimba wa okestra amabwera ndi chida chake m'kalasi, ana n'kumamufunsa mafunso. Chingalire motsika mpaka pati? Chingathamange bwanji? Chingalire ngati munthu wokwiya? Akamva zimenezo, mwana aliyense amayamba kupeka yake. Wina amang'ung'udza, wina amagogoda patebulo, wina amajambula mizere yokwera ndi yotsika papepala. Pambali pake pamakhala munthu wamkulu wodziwa manotsi, koma ntchito yake ndi ya ulembi. Amalemba zimene mwana watulutsa, amamuimbiranso, n'kufunsa kuti, ndi zimenezi umafuna? Mwana akati ayi, amafufuta. Ngakhale kusankha kuti apa palire lipenga, apa vayolini, amasankha mwana yemweyo. Pomaliza akatswiri aja amakhala pansi n'kuimba nyimboyo pamaso pa anthu, mwini wake akumvetsera.

Ndipo si zoti amangowasangalatsa m'kalasi ayi. Mu June 2018, pa makonsati a pabwalo amene gululi limachita m'mapaki a mumzinda wa New York, okestra yonse inaimba nyimbo ziwiri zopeka atsikana awiri a zaka 11, pamaso pa chinamtindi cha anthu. Zaka 11, anzanga. Kuno ndiye mwana wa Sitandade 5 kapena 6.

Wina anena kuti, aaa, ngati wamkulu ndiye akulemba ndiye kuti nyimboyo ndi ya wamkuluyo. Tiyeni tiganize bwino. Agogo akakutumani kuti muwalembere uthenga pafoni wopita kwa amalume ku Joni, uthengawo ndi wanu? Ndi wa agogo. Inu mwangobwereketsa zala. Kulemba manotsi ndi luso lina, kupeka ndi luso linanso. Mozart amene dziko lonse limamutama uja anabadwa mu 1756, ndipo tinyimbo take toyamba anapeka ali ndi zaka 5. Amene anatilemba m'kope anali bambo ake, a Leopold, chifukwa mwanayo anali asanayambe kulemba yekha. Palibe amene amati tinyimboto n'ta bambo ake.

Vuto lathu ife aphunzitsi ndi lakuti khutu lathu linazolowera. Mwana akaimba mzere wosathera pa do, manja amayabwa kufuna kuuwongola. Akaika mawu awiri osagwirizana, timati walakwitsa. Koma mwina iye akufuna kuti pamenepo pamveke kukangana, monga amakanganirana anthu pamjigo. Tikakonza, nyimbo imakoma ndithu, koma imatuluka yofanana ndi zathu zomwe zija, ndipo mwana amaphunzirapo chinthu chimodzi: zimene zili m'mutu mwake n'zolakwika mpaka wamkulu atazigwira. Mwana wotero ulendo wina sabweretsanso kanthu. Amati m'mera mpoyamba, eti? Mmera ukauponda uli wanthete, usadzadabwe pokolola.

Taonani mmene timachitira ndi zojambula. Mwana akajambula nyumba yopendekeka ndi mbuzi ya miyendo isanu, timamata pakhoma n'kumuyamikira. Palibe amene amatenga labala n'kufufuta mwendo wachisanuwo. Nanga pa nyimbo bwanji timafuna kuti adikire mpaka akule, aphunzire solofa, adziwe kiyibodi, ndiye tidzamumvere?

Ena mukuti, zimenezo n'za ku America, kuno okestra tiitenga kuti? Zoona, vayolini tilibe. Koma chimene chikugwira ntchito mu pulogalamu ija si vayolini. Ndi anthu odziwa kuimba amene avomera kumvera mwana. Amenewo tili nawo. Tili ndi kwaya ya mawu anayi, soprano, alto, tenor ndi besi. Tili ndi ng'oma, gitala, kiyibodi ndi visekese. Tili ndi achinyamata odziwa kulemba solofa, ndipo pafupifupi aliyense wa inu ali ndi foni yojambula mawu. Bambo Deak analibe mwayi woposa umenewu pa nkhani yosunga zimene mwana waimba.

Komanso ana athu amapeka kale, kungoti sitiwerengera. Pitani kumene akusewera fulaye kapena jingo madzulo, kapena ku bwalo la mpira wa ana, mukamve. Nyimbo yonyoza timu yogonja imabadwa pompo, ili ndi woyambitsa ndi ovomera ake, ndipo pofika mawa mudzi wonse ukuidziwa. Kumbukiraninso kuti Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka, amene nyimbo zawo zinakamveka mpaka ku Ulaya, anayamba kuimba m'misewu ya Blantyre m'zaka za m'ma 1960, Donald ali kamnyamata koimba chitoliro. Luso lilipo. Chimene chikusowa ndi malo oti nyimbo ya mwana iimbidwe mwaulemu, anthu atakhala chete, dzina lake litatchulidwa.

Ndiye ndikupempha kuti tichite motere. Loweruka lililonse tipatule ola limodzi tisanayambe pulakatisi. Masabata awiri oyamba, oimba zida ndi atsogoleri a mawu anayi aja aonetse ana zimene chida chilichonse ndi liwu lililonse lingachite, ana afunse mafunso mmene angafunire. Kuyambira sabata yachitatu, mwana aliyense wa zaka 8 mpaka 13 amene akufuna apatsidwe mlembi wake mmodzi pakati pa inu achinyamata. Nyimbo isatalike, mphindi imodzi kapena ziwiri zakwana. Ikhoza kukhala ya mawu, ikhoza kukhala ya zida zokha.

Inu alembi, malamulo anu ndi atatu. Loyamba, jambulani pafoni chilichonse chimene mwana waimba musanalembe, kuti mukasemphana foni ikhale mboni. Lachiwiri, funsani, musauze. Mukhoza kufunsa kuti, apa ukufuna anthu amve chisoni kapena aseke? Apa aimbe onse kapena mmodzi? Koma mawu akuti "bwanji utere" asatuluke pakamwa panu. Ngati chimene wapempha n'chosatheka, mwachitsanzo noti yokwera moti a soprano sangafike, muuzeni zoona, amve yekha akuyesa, ndipo asankhe yekha chochita. Lachitatu, osaseka. Mwana amene wakuimbirani kanyimbo kake wakuululirani za mumtima. Mukaseka kamodzi, mwatseka chitseko.

Inu a kwaya, gawo lanu ndi lovutirapo. Mudzaimba zinthu zina zachilendo m'makutu mwanu, ndipo amene adzakuuzeni kuti mwathamanga kapena mwachedwa adzakhala mwana wa Sitandade 4. Mudzamumvere monga mumandimvera ine. Ngati akatswiri a ku New York, amene aphunzira zida zawo moyo wawo wonse, amafunsa mwana kuti taimba bwino kodi, ife tingakanike?

Pa pulogalamu ya tsikulo dzina la wopeka lidzalembedwe pafupi ndi nyimbo yake, ndipo tikadzaika vidiyo pa tsamba lathu la Facebook tidzayambe tapempha chilolezo kwa makolo. M'dziko muno muli bungwe la COSOMA loteteza umwini wa nyimbo ndi zaluso zina, ndipo ndi bwino ana adziwiretu akadali aang'ono kuti nyimbo ili ndi mwini wake, ngakhale mwiniyo akhale wovala yunifolomu.

Makolo, kwa inu ndikupempha chinthu chochepa. Mwana akamang'ung'udza potsuka mbale kapena akamagogoda chidebe, musafulumire kunena kuti akusokosa. Mufunseni kuti, imeneyo ndi nyimbo ya ndani? Akati ndi yanga, mutumizeni kuno Loweruka.

Sindikulonjeza kuti nyimbo zonse zidzakoma. Zina zidzakhala zosokonekera, zina zidzatidabwitsa. Sindikunenanso kuti onse adzakhala oimba. Koma mwana amene waona anthu akuluakulu makumi awiri ataimirira n'kumaimba zimene zinachokera m'mutu mwake, ameneyo akadzakhala m'kalasi kapena pamsonkhano wa mudzi sadzaopa kukweza dzanja.

A wapampando, kope lolembetsa maina ndalisiya patebulo apo. Ana alembe kumanzere, alembi kumanja. Tikufuna alembi osachepera asanu kuti tiyambe Loweruka likubwerali.