Nthabwala m'Sukulu: Aphunzitsi Awiri a ku Cape Town

Alipo makolo ndi aphunzitsi ena amene amayesa kuti m'sukulu yabwino ana ayenera kukhala cete ngati pa maliro, ndi kuti mphunzitsi woseketsa ana ndi waulesi. Mbiri ya anthu awiri a mumzinda wa Cape Town, ku South Africa, itsutsa ganizo limeneli.

Woyamba ndiye Richard Rive, amene anabadwira ku District Six. Iyeyu anaphunzitsa zaka zambiri pa sukulu ya South Peninsula, ndipo pambuyo pace anaphunzitsa aphunzitsi pa Hewat College. Anachuka ndi mau akuthwa ndi oseketsa. M'caka ca 1966 boma la tsankho linalamula kuti District Six akhale malo a Azungu okha, ndipo nyumba za anthu zinapasulidwa. Polemba buku lace la "Buckingham Palace", District Six, lofalitsidwa mu 1986, Rive anasanganiza cisoni ndi phwete, ndipo ana ambiri a sukulu adziwa za tsokalo mwa bukulo.

Waciwiri ndiye Desmond Tutu, Bishopu Wamkuru wa Cape Town kuyambira 1986 kufikira 1996, amenenso poyamba anali mphunzitsi wa sukulu. Polankhula kwa anthu, kawirikawiri anali kudziseka yekha ndi mphuno yace yaikuru. Anthu atatha kuseka, mitima yao inali yokonzeka kulandira mau olemera.

Akatswiri nao aiyesa nkhaniyi. Mu 1988 Avner Ziv wa ku Israel anafalitsa zimene anapeza: ophunzira amene mphunzitsi wao anaikapo nthabwala zowerengeka, zogwirizana ndi phunziro lomwelo, anakhoza mayeso koposa anzao. Cifukwa cace ncodziwika. Mwana wamantha safunsa, ndipo cimene camseketsa saciiwala msanga.

Komatu si kuseka konse kumene kumathandiza. Asuweni amanyozana nkumaseka popeza yense akhoza kubwezera mnzace. Mwana wa sukulu sangabwezere mphunzitsi wace. Akasekedwa pamaso pa anzace cifukwa ca cibwibwi, zobvala zong'ambika kapena yankho lolakwa, mawa sakwezanso dzanja, ndipo wina amaleka sukulu kumene.

Motero mphunzitsi wanzeru amaseka phunziro, amadziseka yekha, koma mwana samseka ai. Nthabwala iri ngati mcere m'ndiwo: pang'ono ukometsa, wocuruka uononga mphika wonse.